Magulupu a WhatsApp a kusukulu andilanda foni, kodi mwanayu akuphunziradi?

Amake Tiya, Chawama

Muli bwanji nonse, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, makamaka ngati pali aphunzitsi ndipatseniko nzeru. Mwana wanga wamkazi woyamba ali Grade 12 chaka chino ndipo kuyambira temu yoyamba aphunzitsi awo anatsegula magulupu a WhatsApp, ya Maths payokha, ya Biology payokha, ina ya kalasi yonse, ndiye palinso ina yomwe anawo anatsegula okha ati yokambirana mafunso. Vuto ndi loti pakhomo foni ya intaneti ndi imodzi, yangayi, ka itel komwe ndimachitira bizinesi. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, 04 hours ndimakhala ndili kale pa msika wa Soweto kudikira alimi, makasitomala amandiimbira pa foni yomweyo, mobile money ilinso momwemo. Ndikafika madzulo ndisanatule n'komwe katundu mwana wafika kale, amami foni, a Sir atumiza ntchito. Ndimampatsa, nanga nditani, koma bandulo yomwe kale inkakwana sabata manje masiku atatu yatha, foni yadzaza mpaka ikukana kujambula, ndipo tsiku lina ndinadzidzimuka cha m'ma 23 hours n'kupeza wafunda bulangete mpaka kumutu, foni ikuwala m'katimo, ati akuwerenga past paper.

Sindikunena kuti mwana wanga ndi wabodza ayi, ndi mwana wofatsa. Koma ine sukulu ndinalekezera Grade 9 ku Katete, zomwe zimalembedwa m'magulupumo sinditha kusiyanitsa kuti ichi ndi cha sukulu ichi ndi chibwana. Atate ake akuti timugulire foni yakeyake, alamu anga akuti mukamugulira ndiye mwamuponya nokha m'chitsime. Ndiye ndifunse, ana amaphunziradi pa WhatsApp kapena tikungotaya ndalama? Ndipo ndimugulire kapena ndipirire mpaka alembe?

Sir wa Maths, Matero

Amake Tiya pepani ndi vutoli, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti mbali ina ndife aphunzitsi timalakwa. Kutumiza ntchito usiku anthu atagona si bwino, timaiwala kuti foni yomwe ikulira uko ndi ya mayi amene adzuka 03 hours.

Magulupu awa sitinawayambe chifukwa chokonda foni. Ambiri a ife tinayamba mu 2020, masukulu atatsekedwa mu March chifukwa cha COVID. Ma exam class anabwerera mu June koma ena onse anakhala kunyumba mpaka September, panali maphunziro pa TV ndi pa wailesi inde, koma TV sungaifunse funso, ndiye tinayamba kusonkhanitsa manambala a makolo. Tinkaganiza kuti ndi zakanthawi chabe. Kenako January 2024 kolera inafika povuta, mukukumbukira odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu amayenera kutsegula pa 8 January koma tinakatsegula pa 12 February, milungu isanu yathunthu ya temu yoyamba ndipo silabasi sinafupikitsidwe. Onjezerani kuti chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi adzaza, chomwe ndi chabwino kuti ana ali pasukulu, koma ine kalasi yanga ina ili ndi ana 84 ndipo mu piriyodi imodzi sindingafike pa desiki iliyonse. Gulupu ndi yomwe imandipatsa mpata woona dzanja la mwana amene amakhala kumbuyo kwenikweni.

Manje funso lanu loti amaphunziradi. Yankho langa ndi loti zimatengera chimene mwanayo akuchita ndi manja ake. Pali magulupu awiri osiyana ngakhale onse ali pa WhatsApp. Ina ndi yongotayiramo zinthu, ma PDF, ma pamphlet, mavidiyo, wina aliyense akuchita forward chilichonse chomwe wachipeza, mwana amatsitsa zonsezo n'kumva mumtima ngati wawerenga pomwe sanatsegule olo tsamba limodzi. Imeneyo ndi yomwe yakudzazirani foni. Ina ndi yomwe mphunzitsi amaponya funso limodzi kapena awiri, tinene la earth geometry kapena linear programming, mwana n'kutenga buku lake ndi pensulo, kulemba working yonse, kujambula tsambalo n'kutumiza. Ine ndimatsegula chithunzicho, ndimazungulira ndi mzere wofiira pomwe wasochera, n'kutumiza voice note ya mphindi imodzi kapena ziwiri kumufotokozera, nthawi zambiri m'Chinyanja. Mwana akhoza kuibwereza kasanu osachita manyazi, pomwe m'kalasi ndikanena kamodzi zapita. Iyi imathandiza zedi ndipo siidya bandulo, chithunzi chimodzi ndi voice note si kanthu poyerekeza ndi vidiyo.

Ndiye simukufunika kudziwa Maths kuti mudziwe zoona. Musamafufuze m'foni, fufuzani m'buku. Akati a Sir atumiza ntchito muuzeni akuonetseni meseji, muone tsiku, kenako akuonetseni m'buku pomwe walemba ntchito ya tsiku limenelo. Ola lathunthu pa foni koma m'buku mulibe kanthu, ndiye sikunali kuphunzira. Paper 1 ya Maths salola ndi calculator yomwe, mu exam adzakhala yekha ndi bolopeni, chala chozolowera kuseweretsa sikirini sichidzamuthandiza.

Chomwe chimandiwawa ine ndi china. Mwa ana 84 aja amene amatumiza ntchito nthawi zonse safika 25. Ena ndi ulesi, koma ambiri kunyumba kulibe foni ya intaneti, kapena ili ndi atate amene ndi a minibasi amafika pakati pa usiku. N'chifukwa chake ndinadziikira lamulo loti chilichonse chomwe ndaika mu gulupu mawa lake ndichilembanso pa bolodi. Mphunzitsi amene akupereka test kapena notes pa WhatsApp pokha akulanga mwana chifukwa cha umphawi wa makolo ake, ndipo muli ndi ufulu wokakamba ndi a grade teacher kapena a Head.

Dokotala wa Mafoni, Town Centre

Amai ine ndikambeko za foni chabe popeza ndiye ntchito yanga, tsiku lililonse amabwera makolo ati foni yafa pomwe yangodzaza ndi zinthu za m'magulupu. Lowani mu WhatsApp, Settings, Storage and data, pali pomwe alemba Media auto-download, chotsani zonse makamaka mavidiyo ndi ma document. Mukatero mavidiyo, zithunzi ndi ma document sizilowa zokha mpaka munthu azidine. Pomwepo palinso Manage storage, ikuonetsani gulupu yomwe yadya malo kwambiri, mufufute zomwe sizofunika. Komanso pali Network usage, ndipo mu Settings ya foni yeniyeniyo muli pomwe imaonetsa app iliyonse data yomwe yadya. Uko ndiye kulibe bodza, mukapeza TikTok kapena Facebook ili pamwamba pa WhatsApp mwadziwa kale komwe bandulo ikupita. Komanso gulani bandulo ija ya social kapena ya WhatsApp yokha ngati netiweki yanu ili nayo, imatchipa ndipo kwina sikutseguka.

Zogula foni ine ndingakonde mugule kuti ndipezeko ya ufa, koma ndikuuzeni zoona, chomwe chikundiopsa ine pa ana a sekondale manje ndi betting kuposa zibwenzi. Mafoni a anyamata omwe amabwera kuno ambiri ndimapezamo ma app a betting. Ndipo foni yanu ili ndi mobile money, PIN musamuuze olo mumukhulupirire bwanji, osati kuti iye angabe koma m'magulupu akuluakuluwa mumalowa akuba amene amatumiza ma link ati dinani apa mulandire bandulo yaulere, kapena amapempha code ya manambala 6 yomwe yabwera pa SMS, mwana akangotumiza WhatsApp yanu yapita ndipo ayamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Ikani two-step verification, ija PIN yotetezera WhatsApp yanu, lero lomwe.

Malume Phiri, Kanyama

Ine ndili mbali ya alamu anuwo. Musagule. Ife tinapasa ndi nyali ya koloboyi ndi mabuku obwerekana ndipo palibe amene anafa. Mwana wa mlongo wanga amene ndimamusunga anayamba chimodzimodzi, gulupu ya kalasi, kenako mnzake anamuika mu gulupu ina, ija n'kumuika mu ina, pofika October anali mu gulupu ya anthu osawadziwa amene amalonjeza leakage. Anatenga ndalama yomwe ndinampatsa ya nsapato n'kutumizira munthu pa mobile money, anamutumizira pepala la Science lolembedwa bwinobwino ndi chizindikiro pamwamba, mwana analeka kuwerenga zina zonse milungu iwiri akuloweza mayankho a pepala limenelo. Tsiku la mayeso olo funso limodzi. Nambala ija inali itazimitsidwa kale. Anabwera kunyumba akulira ndipo chaka chotsatira ndinalipira mayeso a GCE kuti alembenso.

Ndipo olo likanakhala lenileni, mwaiwala 2018? Pepala la Maths la Grade 9 linazungulira pa mafoni mpaka boma linaimitsa mayeso dziko lonse, ana osalakwa amene anawerenga ndi mtima wonse anavutika chifukwa cha anthu ochepa. A bungwe la mayeso la ECZ akakugwira zotsatira zako amafafaniza, zaka 12 za sukulu kuthera pamenepo. Njira yomwe leakage imadutsa ndi yomweyo yomwe mukuti ya maphunziroyo, khomo ndi limodzi. A Sir mwalankhula bwino koma inu mumayang'anira gulupu yanu yokha, zina khumi zomwe mwana alimo simuziona.

Chiko wa pa UNZA

Amalume pepani kwambiri ndi zomwe zinachitikira m'bale wathuyo, zimachitikadi ndipo nane ma link amenewo ankandipeza. Koma ndiloleni nditsutseko pang'ono mwaulemu, chifukwa ine ndikanapanda WhatsApp sindikhulupirira kuti ndikanafika pano. Nthawi yanu mabuku munkabwerekana inde, ife kalasi yathu buku la Biology linali limodzi pa anthu ambirimbiri ndipo silinkaloledwa kupita kunyumba, tyushoni amayi sakanakwanitsa, ndiye past paper ndikanaiona kuti?

Amake Tiya, gulupu yomwe mukuikayikira kwambiri ija, yomwe ana anatsegula okha, kwa ine ndi yomwe inandithandiza kuposa ya aphunzitsi. Koma inali yaing'ono, tinali atsikana anayi ndi mnyamata m'modzi basi. Mu gulupu ya kalasi ine sindinkayankha olo ndidziwe yankho, chifukwa ukalakwitsa anthu amaika ma sticker oseka, wina anachita screenshot yankho la mnzathu n'kuika pa status ndipo mtsikanayo sanalembenso kanthu mpaka tinamaliza sukulu. Mwa anthu asanu munalibe zimenezo. Tinagawana mitu, wina atenge genetics, wina transport in plants, wina homeostasis, aliyense awerenge mutu wake kenako afotokozere anzake pa voice note m'Chinyanja ngati akufotokozera mng'ono wake. Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti chinthu ukhoza kuchiloweza m'Chingelezi osachimva, ukayesa kunena osmosis m'chilankhulo chako n'kukakamira ndiye kuti sunaimvetse, bwerera ku buku. Loweruka tinkagwirizana ola, wina atumize past paper, tonse tizimitse data, tilembe ndi nthawi yeniyeni ya mayeso, ikatha tijambule mapepala n'kuchongerana. Chaka chimenecho malaiti ankapita maola ambirimbiri chifukwa cha madzi ochepa ku Kariba, ndiye tinkakopera mafunso m'buku msanga batire isanathe, ndipo kukopera komweko kunkathandiza kuti alowe m'mutu.

Ma past paper ambiri tinkawapeza pa Telegram chifukwa kumeneko mafayilo amakhala pomwepo, ukhoza kuwafufuta m'foni n'kudzawatsitsanso, koma ndi komwenso kuli magulupu a anthu masauzande osadziwana ndipo a leakage amakonda komweko, ndiye m'modzi yekha wa ife ndi amene ankalowa kukatenga pepala. Komanso ma marking key ena ozungulirawa ndi olakwika, amalembedwa ndi ana anzathu omwe, ukakayikira kafunse aphunzitsi.

Koma foni yangayanga ndinalibe, ndinkabwereka ya achimwene kuyambira 19 mpaka 20:30 ndiye ndinkadziwa kuti nthawi ndi yochepa, sindinkaitaya. Nditapeza yanga ndili first year ndi pomwe ndinaona mmene imadyera nthawi, umati ndiyankhe meseji imodzi ukadzutsa mutu maola awiri apita. Ndiye ngakhale ndatsutsana ndi amalume pa zoletseratu, pa zogula ndili nawo limodzi, dikirani alembe kaye.

Aunty Mwansa, Mtendere

Nonse mwakamba za bandulo ndi mayeso koma mwana uyu ndi mtsikana, tisazungulire. Nambala ikalowa mu gulupu aliyense amene ali momwemo amaiona, ndipo kuchokera mu gulupu kupita ku inbox ndi kudina kamodzi chabe. Wanga ali Grade 11 anayamba kulandira mameseji kwa munthu wamkulu amene amathandiza ana maphunziro, poyamba za sukulu zokhazokha, kenako wagona bwanji, kenako nditumizire chithunzi chako ndikusevere nambala. Mwayi foni inali yanga ndipo meseji ina inalowa ili m'manja mwanga. Mwana sanandiuze chifukwa ankaopa kuti ndimuletsa gulupu n'kutsalira m'maphunziro, taonani mmene amawagwirira.

Aphunzitsi ambiri ndi anthu abwino, koma lamulo langa ndi loti za sukulu zikambidwe mu gulupu pamaso pa onse, inbox ayi, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi wa tyushoni. Ndipo mu gulupu iliyonse yomwe mphunzitsi watsegula mukhale kholo limodzi kapena awiri olo asamalankhule. Zikachitika musafufute mameseji, sungani, pitani kwa a Head kapena a guidance, aphunzitsi ali ndi Teaching Council yomwe imawayang'anira, ndipo ana adziwe kuti 116 ndi nambala yaulere ya Childline. Foni ikakhala yanu Amake Tiya muli ndi diso, mukagula yake diso limenelo mwalitaya.

Sir wa Maths, Matero

Aunty mwanena zoona ndipo sindikwiya nazo. Ine ana ndinawauza kuti amene wandilembera ku inbox ndimuyankha mu gulupu, zimanditeteza inenso. Kwa amene ali ndi manyazi ngati momwe Chiko wanenera, ndimalola kuti atumize kudzera kwa monitor ine n'kuika chithunzicho popanda dzina. Gulupu yanga ndimaitsekula 18 mpaka 20 hours, ikakwana ndimaika kuti adimini yekha ndiye alembe. A Phiri, zoona zina khumizo sindiziona, koma mwana amene wayesa mapepala a zaka zisanu ndi dzanja lake sachita mantha ofika pogula leakage, amene amagula ndi amene October wamupeza alibe kanthu m'mutu.

Malume Phiri, Kanyama

Mwina. Koma wangayo sanali mbuli a Sir, mock anakhoza bwino. Anaona anzake onse akuti tagula tagula n'kuopa kutsala yekha. Ine ndikadali pomwepo.

Amake Tiya, Chawama

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri mpaka ena ndachita kuwerengera atate ake. Dzulo sindinapite ku Soweto masana, ndinakhala naye pansi. A Dokotala zomwe munanena ndachita mothandizidwa ndi mwana yemweyo, tinapeza kuti gulupu ya kalasi yonse ndi yomwe inadzaza foni, mavidiyo a maphwando ndi nyimbo ndi ma PDF omwe iye mwini akuti sanawatsegulepo, ndipo pa data TikTok inalipo ndithu, sanakane, anangoti amaonerako akatopa. Magulupu onse anali 9 osati anayi monga ndinkadziwira ine, awiri mwa amenewo sadziwa n'komwe amene anamuikamo, tatulukamo pomwepo ndipo nkhani ya a Malume Phiri ndamuwerengera yonse.

Kenako ndinati bweretsa mabuku monga ananenera a Sir. La Maths ndinachita kudabwa, ladzaza, masiku ake akugwirizana ndi mameseji, pena walemba kawiri funso lomwelo pomwe anamukonza. Ndinamva chisoni kuti ndinkamuganizira zoipa zokhazokha. Koma la Biology kuyambira mwezi watha mulibe kanthu, akuti a Madam amangotumiza notes za masamba ambiri usiku popanda funso ndiye amangoziyang'ana. Lolemba ndipita kusukulu ndikapemphe mwaulemu kuti azitumiza nthawi yabwino komanso ngati angalole kholo mu gulupu, ndauzako amake mnzake wina kuti tipite awiri.

Foni sitigula manje, atate ake avomera kuti ndalamayo tisunge adzagule akalemba pepala lomaliza. Tagwirizana kuti azitenga yanga 19 mpaka 20:30 monga Chiko, pa tebulo pa sitting room, ikatha ndikagona nayo ine. Za inbox ndamufunsa wati palibe, ndamuuza kuti chikachitika sindidzamulanda foni koma andiuze.

Chatsala chimodzi. Pali mtsikana wa neba wathu kalasi imodzi ndi Tiya, amakhala ndi agogo ake ndipo ali ndi ka foni ka mabatani chabe, ndazindikira dzulo lomweli kuti ntchito zonsezi iye samaziona, amangomva m'mawa anzake akukambirana. Ndamuuza azibwera 19 hours azikhala limodzi pa tebulopo. A Sir, akalemba onse awiri n'kujambula pa foni imodzi, aphunzitsi angavomere kuchonga mapepala awiri ochokera pa nambala imodzi kapena ndikakambe nawo kaye Lolemba lomwelo?